Khate Lidakalipo: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Dedza

Mukatchula khate pagulu la achinyamata pa Dedza boma kapena pamsika wa Bembeke, ambiri angakuuzeni kuti imeneyo ndi nthenda yamakedzana, ya agogo aja a ku Mua amene anatha zala. Zipatala zikunena zina. Chaka ndi chaka anthu mazana angapo m'dziko muno amapezeka ndi khate koyamba, ndipo ena amafika kwa dokotala dzanja litapinda kale, phazi lili ndi chilonda cha chaka chatha. Chopweteka mtima n'chakuti mankhwala alipo, ndi aulere, ndiponso amachiza ndithu. Chimene chikulemaza anthu lero ndi kuchedwa: manyazi, kutalika kwa chipatala, ndi kusadziwa kuti kachigamba kosayabwa n'komwe kangakhale chiyambi cha nthenda yaikulu. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikayambika.

Kodi khate limayamba ndi chiyani?

Limayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium leprae, kachibale ka kamene kamayambitsa chifuwa chachikulu cha TB. Woyamba kukaona anali dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, mu 1873. Kachilomboka n'kaulesi poswana. Tizilombo tina timachulukana m'maola ochepa, koma iko kamatenga pafupifupi masabata awiri kuti kagawikane kamodzi. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala nako zaka 5, ena mpaka 20, asanaone chilichonse. Pamene chigamba chikutuluka, palibenso amene akukumbukira kuti wodwalayo anakulira m'nyumba imodzi ndi amalume aja ankangodandaula za mphuno yotsekeka. Apa m'pamene anthu amayamba kulozana zala: wina ati walodzedwa, wina ati anadya chosayenera, wina ati ndi zakumtundu.

Kachilomboka kamafala kudzera m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa mwa munthu amene sanayambe kumwa mankhwala, ndipo pamafunika kukhala naye pafupi kwa miyezi yambiri. Ngakhale zili choncho, mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 95 matupi awo amakagonjetsa okha. Khate limaoneka ngati lakumtundu makamaka chifukwa apachibale ndiwo amagona mothithikana m'nyumba imodzi, zaka ndi zaka.

Si paja tinamva kuti khate linatha m'Malawi?

Tinamvadi, koma mawuwo anali ndi malire ake. Mu 1991 msonkhano waukulu wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO unagwirizana kuti dziko liziwerengedwa kuti lagonjetsa khate ngati odwala achepera munthu m'modzi pa anthu 10,000 alionse. Malawi anafika pamenepo mu 1994. Koma tawerengani nokha: dziko la anthu 20 miliyoni lingakhale ndi odwala pafupifupi 2,000, m'mabuku n'kumaonekabe kuti lapambana.

Chikondwerero chitatha, chidwi chinazilala. Amene ankayenda m'midzi kufunafuna odwala anakalamba n'kupuma ntchito, ndalama zinapita ku Edzi ndi malungo, ndipo pali achipatala achinyamata amene amamaliza maphunziro asanaonepo khate ndi maso awo. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi ya Unduna wa Zaumoyo imene imaonanso za TB. Padziko lonse, anthu pafupifupi 200,000 amapezeka ndi khate chaka chilichonse m'maiko oposa 120, ambiri mwa iwo ku India, Brazil ndi Indonesia. Dziko loyamba limene WHO inatsimikiza kuti lathetseratu khate ndi Jordan, mu 2024. Ife sitinafike pamenepo.

Ndili ndi chigamba pamkono. Ndidziwa bwanji kuti si chipere kapena chikanga?

Chipere chimayabwa ndipo chimakhala ndi timamba m'mbali. Mphere zimasowetsa tulo. Chigamba cha khate sichivuta munthu. Chimakhala chotuwa kapena chofiirira kusiyana ndi khungu lonse, sichiyabwa, sichipweteka, nthawi zambiri sichituluka thukuta, ndipo tiubweya ta pamenepo timathothoka. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti sichimva.

Kuyeza kwake sikulira makina. Wachipatala amatenga kathonje n'kukapota kuti kasongoke. Amayamba wakukhudzani pakhungu labwino inu mukuona, n'kukuuzani kuti muziloza ndi chala paliponse pamene mwamva. Kenako mumatsinzina. Akhudza paphewa, mwaloza. Akhudza pachikhatho, mwaloza. Akakhudza pakati pa chigamba inu n'kungokhala duu kudikira kuti ayambe, yankho lapezeka. Akatero amapapasa mitsempha ya kuseri kwa chigongono, ya m'mbali mwa bondo ndi ya pakhosi kuti amve ngati yakhuthala, n'kukuuzani kuti mutambasule zala, mukweze phazi, mutsinzine mwamphamvu. Nthawi zina amapala pang'ono khungu la pakhutu kuti akaunike. Kunyumba mukhoza kuyeserera ndi nthenga ya nkhuku, koma wogamula kuti ndi khate kapena ayi ndi wachipatala.

Palinso mtundu wina umene poyamba khungu limamvabe ndithu. Nkhope imakhuthala n'kumanyezimira, makutu amatuluka timibulu, nsidze zimathothoka, ndipo mphuno imangokhala yotsekeka. Umenewu ndiwo umakhala ndi tizilombo tochuluka, ndiwonso umafalitsa kwambiri. Dzanzi la m'manja kapena m'mapazi limene silikutha nalonso n'lofunika kukaonetsa, ngakhale chigamba palibe.

Nanga n'zoona kuti khate limadya zala?

Ayi. Chimene kachilomboka kamawononga ndi mitsempha imene imauza munthu kuti apa pakutentha, apa pabaya. Zotsalazo zimabwera ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Taganizirani mwezi wa June kumtunda kuno, ku Kanyama kapena m'tsinde mwa phiri la Dedza, chisanu chitafika pokolera mano. Banja lazungulira moto, agogo ayandikiza mapazi kumakala, n'kudzazindikira m'mawa ataona matuza. Amayi aphula mphika wa nsima pamafuwa ndi manjamanja, osamva kuti akupsa. Abambo akumba kachewere tsiku lonse, mpini wawasupula chikhatho, koma mawa lake alawiriranso kudimba poti palibe chikuwapweteka. Chilonda chosapweteka munthu amachipondabe. Chimalowa dothi, chimatukusira mpaka kufika pafupa, ndipo fupalo limanka lifupika. Umu ndi mmene zala zimathera.

Maso nawo amakhala pangozi. Mitsempha ya zikope ikafooka, diso silitsekeka bwino ngakhale m'tulo. Limauma, fumbi ndi utsi wa kukhitchini zimalowa, mapeto ake munthu akhoza kuchita khungu.

Kodi Mua inalowa bwanji m'mbiri ya khate?

Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, kunsi kwa mapiri a Dedza, m'dera la Kachindamoto kufupi ndi Mtakataka. M'zaka za m'ma 1920 anatsegula malo osamalirako odwala khate, ndipo anthu ankachokera kutali kudzakhala kumeneko zaka zambiri, ena moyo wawo wonse. Malo otere analiponso ku Malamulo ku Thyolo, ku Utale ku Balaka, ku Likwenu, ndipo pambuyo pake ku Kochirira ku Mchinji. Mankhwala a nthawi imeneyo anali mafuta a mtengo wa chaulmoogra wa ku Asia, obaya ndi jakisoni wopweteka, ndipo ochira anali owerengeka. Piritsi la dapsone litabwera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, zinthu zinasintha, ngakhale munthu ankalimwa zaka zambirimbiri, ndipo patapita nthawi tizilombo tina tinasiya kulimva.

Pakati pa zaka za m'ma 1960, bungwe la ku Britain la LEPRA linayamba ntchito kuno yotengera mankhwala kwa odwala m'madera mwawo momwemo, pa galimoto ndi pa njinga, m'malo mowasonkhanitsa m'misasa. Phunziro lake silinasukuluke: wodwala amamaliza mankhwala ngati mankhwalawo amupeza pafupi, ali pakhomo pake, akulima munda wake.

Mankhwala a masiku ano ndi otani, nanga amamwa kwa nthawi yaitali bwanji?

Mu 1981 WHO inalangiza kuti khate lizichizidwa ndi mankhwala ophatikiza kuti tizilombo tisawazolowere. Achipatala amawatchula kuti MDT, ndipo muli rifampicin, dapsone ndi clofazimine. Kuyambira 1995 amaperekedwa ulere padziko lonse, ndipo kuchokera mu 2000 kampani ya Novartis ndiyo yakhala ikuwapereka kudzera ku WHO. Choncho mapiritsiwa si ogula.

Amabwera pa kapaketi ka masiku 28. Mapiritsi a tsiku loyamba mumamwera pamaso pa wachipatala, otsalawo mumamwera kunyumba tsiku lililonse. Amene ali ndi zigamba zosapitirira 5 amamwa miyezi 6. Amene ali ndi zoposa pamenepo, kapena amene khate lafika m'mitsempha, kapena tizilombo taoneka pounika khungu, amamwa miyezi 12. Ana ali ndi mapaketi awoawo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amamwa bwinobwino. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB angouza wachipatala kuti awagwirizanitse. Ndipo munthu akangoyamba kumwa, amaleka kupatsira ena.

Ndayamba kumwa, koma mkodzo wafiira ndipo khungu likuda. Ndisiye?

Musasiye. Rifampicin amafiiritsa mkodzo kwa maola angapo pa tsiku limene mwamwa. Amenewo si magazi. Clofazimine amadetsa khungu n'kuliumitsa, makamaka pamene pali zigamba, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri amada nkhawa kuti anzawo awatulukira. Mtundu wanu umabwerera pang'onopang'ono mankhwala akatha. Pakadali pano dzolani mafuta.

Zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo zilipo ziwiri. Choyamba, thupi lonse likatuluka zidzolo, n'kumatentha, maso n'kuchita chikasu, ndiye kuti thupi silikuyanjana ndi dapsone. Apa pokha siyani kumwa ndipo nyamukani. Chachiwiri, zigamba zikatupa mwadzidzidzi n'kufiira, kapena pakatuluka timibulu topweteka, kapena mtsempha ukayamba kuwawa, chala kapena phazi n'kufooka. Chimene chikuchitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi tizilombo, ngakhale takufa kale, ndipo ndewuyo ikuchitikira m'mitsempha. Zimatha kuchitika musanayambe mankhwala, muli pakati, kapena mutamaliza, ndipo sizitanthauza kuti mankhwala akanika. Achipatala amakuonjezerani mankhwala a prednisolone, MDT n'kumapitirira. Mtsempha umene wafooka m'kati mwa miyezi 6 yapitayo nthawi zambiri umatsitsimuka. Umene wakhala chaka chathunthu osathandizidwa kawirikawiri subwereranso.

Kwathu chipatala chili kutali, ndipo ya kabaza mwezi ndi mwezi sindingaikwanitse. Nditani?

Funso limeneli ndilo gwero la nkhani yonse. Mapiritsi ndi aulere, koma ulendo si waulere. Munthu wa kuseri kwa Mayani kapena Lobi, nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza, kapena wa kuchigwa amene akwere msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, akawerenga maulendo 12 pamodzi ndi masiku a ganyu amene ataye, amaona kuti bola asiye zigamba zikangoyamba kuzimiririka. Apo m'pamene khate limabwerera.

Nenani vuto lanu poyera tsiku loyamba lomwelo. Kutsimikiza kuti ndi khate mwina kungafune chipatala chachikulu cha pa boma kapena cha mishoni, koma pemphani kuti mapaketi otsatira muzikatengera pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwe. Malangizo a WHO amalola kuti wodwala wa kutali apatsidwe mapaketi a miyezi ingapo nthawi imodzi, makamaka pakakhala wachibale womukumbutsa. Mukadumphitsa mwezi musachite manyazi kubwerera. Mapaketi 6 akhoza kumalizidwa m'kati mwa miyezi 9, ndipo mapaketi 12 m'kati mwa miyezi 18. Ngati mukupita kukagwira utenanti ku Kasungu, kukalima ku Angonia kapena ku Joni, uzani achipatala musananyamuke ndipo kabuku kanu ka kuchipatala kasatsale.

Za kwa asing'anga, choopsa chachikulu ndi nthawi imene imatayika. Miyezi ya zitsamba ndi miyezi yomweyo imene mtsempha ukanapulumuka, ndipo mphini zotemera pakhungu losamva zimasanduka zilonda zina.

Kodi tingadye naye mbale imodzi? Nanga ukwati upitirire?

Idyani, ndipo ukwati upitirire. Khate silitengedwa popatsana moni wa pamanja, podyera limodzi, pokhala benchi imodzi kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale pa za m'banja. Mayi sapatsira mwana ali m'mimba. Wodwala amene ali pa MDT sayenera kumangiridwa kanyumba kayekha kapena kuchotsedwa sukulu.

Mantha athu ndi akale. Ku Liwonde, m'nkhalango yosungiramo nyama, muli mlambe wamphako umene munkaikidwa anthu omwalira ndi khate chifukwa sankaloledwa kumanda a onse. Masiku amenewo mankhwala kunalibe. Lero kusala ndiko kukuthandiza khate kufala, poti amene akuopa kuthamangitsidwa pabanja amabisa chigamba m'malaya, osamwa mankhwala, n'kumagonabe m'nyumba yomweyo ndi ana. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chofunika kuchita ndi ichi: onse a m'nyumbamo akayezedwe khungu, ndipo azibwereza chaka ndi chaka kwa zaka zingapo. Kuyambira 2018 WHO imalangizanso kuti okhala pafupi ndi wodwala, a zaka ziwiri kupita m'tsogolo, amwe rifampicin kamodzi kokha akatsimikiza kuti alibe khate kapena TB. Kafukufuku wa ku Bangladesh anasonyeza kuti kutero kumachepetsa ngozi ndi kupitirira theka m'zaka ziwiri zoyamba. Funsani za zimenezi pamene mukukayezetsa.

Kodi khate lili ndi katemera?

Katemera wa khate lokha amene tikugwiritsa ntchito kulibe, koma katemera wa BCG, amene ambirife tili ndi kachipsera kake pamkono, amathandiza. Umboni wina wamphamvu wa zimenezi unachokera kwathu konkuno. Mu 1979 ku Chilumba m'boma la Karonga kunayambika kafukufuku wamkulu wa khate, ndipo pambuyo pake anthu oposa 100,000 analowa m'kuyesa katemera. Anapeza kuti BCG, amene cholinga chake ndi kuteteza ku TB, amachepetsa ngozi ya khate ndi pafupifupi theka, ndipo zotsatira za mu 1996 zinasonyeza kuti kubaya kachiwiri kumaonjezera chitetezocho. Choncho mwana akabadwa, katemera ameneyu asamuphonye.

Ndiye chilonda chilichonse chosapola ndi khate?

Ayi. Matenda a shuga amabweretsanso dzanzi ndi zilonda za kuphazi. Pali khansa ya pakhungu, palinso TB ya pakhungu. Ina ndi leishmaniasis, nthenda imene sipezeka kawirikawiri m'Malawi koma yasautsa maiko a kumpoto kwathu. Imafala ndi kantchentche kochepa kuposa udzudzu, koluma madzulo ndi usiku, kamene kamabisala m'ming'alu ya makoma ndi m'zulu. Mtundu wa pakhungu umayambitsa chilonda chotukuka m'mphepete, chimene chimatenga miyezi kuti chipole n'kusiya chipsera. Mtundu wa m'kati, wotchedwa kala-azar, umabweretsa kutentha thupi kwa masabata ambiri, kuwonda, kuchepa magazi ndi kutupa kapamba. Ukapanda kuchizidwa umapha odwala oposa 95 mwa 100 alionse. Umapezeka kwambiri ku Sudan, South Sudan, Ethiopia, Somalia, Kenya ndi Uganda.

Kumeneko wodwala amabayidwa majakisoni awiri tsiku lililonse kwa masiku 17, a sodium stibogluconate ndi paromomycin, nthawi zambiri atagonekedwa pa zipatala zowerengeka ngati cha Amudat ku Uganda. Banja la abusa a ng'ombe limayenera kupeza ulendo, womudikirira ndi chakudya cha masiku onsewo. Poyerekeza ndi zimenezi, wodwala khate ali ndi mwayi: mankhwala ake amalowa m'thumba la malaya, salira firiji kapena bedi la m'chipatala. Amene anakhalako kumaiko amenewo akadwala kutentha thupi kosatha, magazi n'kusapezekamo malungo, atchule kwa dokotala kumene anali.

Nanga amene analumala kale athandizidwa bwanji?

MDT imapha tizilombo koma sibweza zala. Munthu amene anamaliza mankhwala alibenso khate ngakhale manja ali opinda, ndipo kumamutchulabe wakhate ndi kumulakwira. Ntchito yotsala ndi kuteteza zimene zatsala, ndipo zambiri zimachitikira pakhonde. Madzulo alionse aviike manja ndi mapazi m'beseni la madzi osatentha kwa mphindi 20, apale khungu louma ndi mwala wotsukira mapazi, adzole mafuta khungu lisanaume, n'kuwongola zala chimodzichimodzi. Kuphazi aziyang'anako ndi kagalasi, kapena mdzukulu awaonere. Nsapato zikhale zofewa m'kati, zolimba kunsi, ndipo azizikutumula asanavale poti kamwala sangakamve. Mpini wa khasu aukulunge ndi nsanza, mphika aphule ndi kansalu kokhuthala, madzi osamba wina awayesere. Kukazizira, bola kufunda bulangete kusiyana ndi kusendera kumoto. Chilonda chikatuluka, mankhwala ake aakulu ndi kuchitsuka, kuchimanga ndi kupumitsa phazilo. Diso losatsekeka lifuna chipewa ndi magalasi masana, kansalu koyera usiku. Dzanja lopinda, phazi lokwekweredwa ndi chikope chofooka nthawi zina zimakonzedwa ndi opaleshoni, choncho kufunsa sikulakwa.

Kuti kuchedwaku kuthe, ayambe ndani?

Boma lili ndi mbali yake: mapaketi asamasowe m'zipatala za kumidzi, alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuyeza ndi kathonje, ndipo khungu liziyang'anidwa pa sikelo ya ana ndi pa zipatala zoyendayenda, osati pa Lamlungu lomaliza la January lokha pamene dziko lonse limakumbukira khate. Anyakwawa akhoza kunena pamsonkhano wa mudzi kuti wodwala amene ali pa mankhwala asathamangitsidwe pa mjigo kapena pa maliro. Aphunzitsi akaona chigamba pa mwana auze makolo mwakachetechete, chifukwa khate la mwana limasonyeza kuti pafupi pali wamkulu amene sanayambe mankhwala. Asing'anga nawo akaona chigamba chosamva, atumize munthuyo kuchipatala asanamutemere.

Koma woyamba weniweni ndi wa m'nyumba. Chigamba cha pamsana kapena pathako mwini wake sachiona. Amachiona ndi mkazi wake, mwamuna wake, kapena mayi posambitsa mwana. Ngati chilipo ndipo sichikumva nthenga, ulendo wa kuchipatala ukhale wa sabata ino, osadikira kuti mukolole kaye.